Mbuzi Imene Sinakwanitse Sabata

Fungo la bulugamu likangondidutsa pamphuno, kaya ndi mwana wachimfine akumufukiza, kaya ndi munthu watsegula kabotolo ka mankhwala opaka m'basi, ine ndimapezeka ndili kuseri kwa nyumba ya anganga anga a Nangondo, kumudzi kwathu kufupi ndi Mbombwe. Ndimawaona atakhala pa chitsa, miyendo atatambasula, maso ali psuu ndi utsi, akuyang'anitsitsa kukamwa kwa paipi kumene madzi ankadontha pang'onopang'ono kugwera m'botolo. Utsi wa nkhuni unkasakanikirana ndi nthunzi ya masamba moti ukayandikira misozi inkangotsika yokha, mphuno n'kutseguka mpaka kumutu. Mumphika munkabwata, mbuzi zinkalira m'khola podikira kuti zimasulidwe, koma anganga sankacheuka kapena kuyankha munthu mpaka botolo litadzaza.

Anali amayi a amayi anga, ndipo nyumba yathu ndi yawo zinkayang'anizana pabwalo limodzi. Kunena zoona, ndinkawaopa kuposa mmene ndinkawakondera. Sindikumbukira tsiku limene anandikhazika pamwendo pawo. Ukagwa n'kumalira, iwo ankayamba ayang'ana ngati chimene unanyamula chasweka, kenako n'kuyang'ana iwe. Koma ukapsa ndi moto kapena kubinya bondo, palibe kwina kumene unkathamangira.

Pa utsikana wawo ankatcheza kachasu, ndipo akuti anthu ankachokera ku Nchema kudzamwa. Atabatizidwa anasiya, koma zipangizo zake sanataye: mphika waukulu wakuda, paipi yodulidwa ku njinga yakufa, ndi chimtengo chosemedwa mkati chothiramo madzi ozizira. Akazi anzawo akumpingo atawauza kuti aziswe, anayankha kuti, “Mphikawu sunachimwe. Ndinachimwa ndine.” Tsiku lina akuphikira amuna awo masamba a bulugamu ofukizira chifuwa, anaona timadontho tamafuta titakakamira kunsi kwa chivundikiro. Munthu wina akanangotsuka. Iwo anatulutsa mphika wakachasu uja, n'kuudzaza masamba.

Ankathyola masambawo dzuwa lisanakwere, a bulugamu ambiri, a mpungabwi pang'ono, nthawi zina n'kuwonjezera a mandimu. Akawapanikiza mumphika ndi kuthiramo madzi, ankamata pakamwa pake ndi dothi kuti nthunzi isathawe, ingodzera m'paipi, izizire m'chimtengo muja, ikatulukire m'botolo ili madzi. Pamwamba pa madziwo ndi pamene pankayandama mafuta, ochepa zedi, ndipo ankawatapa ndi nthenga ya nkhuku n'kumaikamira m'kabotolo kakang'ono. Ntchito ya m'mawa wonse inkabala mafuta osadzaza chikhatho cha khanda. Amenewo ankawasakaniza ndi mafuta a nsatsi, chifukwa paokha ankawotcha khungu.

Utsi wa kuseri kwa nyumba unawabweretsera alendo. Akuluampingo awiri anafika tsiku lina nkhope zili gwaa, atamva kuti a Nangondo abwerera ku ntchito yawo yakale. Anganga sanadziteteze. Anangotunga madzi a m'botolo aja m'chikho n'kupatsa wamkuluyo, a Yotamu, amvekere, “Lawani, abambo, mukauze mpingo zimene mwapeza.” A Yotamu anapapira ngati munthu wodziwa kale kakomedwe ka chimene ankafunafuna. Anatsokomola mpaka chipewa chinagwa, ndipo ife ana tinakabisala kuseri kwa nkhokwe kuti tiseke bwino. Patapita mwezi anabweranso okha, akutsimphina, kudzapempha mafuta a bondo.

Chimene chinkasiyanitsa anganga ndi anthu ena odziwa mitengo n'chakuti iwo sankakhulupirira mtengo uliwonse, ngakhale umene anaudziwa kwa makolo awo, mpaka atauona ukugwira ntchito pa chiweto. M'mudzi ankawanyoza kuti sing'anga wa mbuzi, iwo n'kumati bola mbuzi sinama. “Munthu ukamudzoza amati ndapezako bwino pofuna kukusangalatsa,” ankatero. “Mbuzi ilibe ulemu umenewo. Ikaponda pansi ndiye kuti yaponda.”

Nthawi ya dzinja, mbuzi zikatupa miyendo chifukwa cha matope a m'khola, ankasankha ziwiri zotsimphina mofanana. Imodzi ankaidzoza, inayo n'kuisiya dala, ngakhale inkalira momvetsa chisoni. Ankazunguliza luzi pa chotupa cha iliyonse n'kulidula pamene lakumana, ndipo m'mawa mwake ankayezanso ndi luzi lomwelo kuti aone ngati lakhwepa. Pa luzi lina ankamanga mfundo imodzi tsiku lililonse. Mafuta atsopano, kapena osakanizidwa mwatsopano, sankafika pa khungu la munthu mpaka mfundo zitakwana zisanu ndi ziwiri. Lamulo limeneli analiphunzira movutika. Kale anadzozapo galu wathu mafuta osasungunula, galuyo n'kudzinyambita, ndipo anafa thovu lili kukamwa anganga akumuyang'ana. Amayi ankati tsiku limenelo anganga sanadye.

Ndinali ndi zaka ngati khumi pamene kunagwa chilala chija chimene aliyense wa msinkhu wanga amachidziwa popanda kutchula chaka. Chimanga chinauma chisanafike m'chiuno. Bambo anga anali atapita ku Halale zaka ziwiri m'mbuyomo ndipo anali atasiya kulemba makalata, choncho pakhomo tinali anayi: anganga, amayi, ine Esinati, ndi mng'ono wanga Elube wa zaka zitatu. Tinadya gaga, gaga atatha tinadya mango osakhwima owiritsa, mango atatha tinayamba kukumba mizu ya nthochi. Mitondo inaleka kulira m'mudzi monse, ndipo kukhala chete kumeneko ndimakukumbukira kuposa njala yeniyeniyo. Mitengo ya bulugamu yokha ndi imene inali yobiriwira, koma bulugamu sadyedwa.

Mbuzi zinapita imodziimodzi mpaka inatsala imodzi, yaikazi, yamawanga. Imeneyi anganga ankaisunga ngati chinthu chomaliza chodzasinthitsa ndi chakudya zinthu zikadzafika poipa. Ndiye tsiku lina inakodwa mu msampha wa waya umene wina anatchera akalulu kumunsi kwa phiri. Ndinaipeza ine, waya atalowa m'mwendo wakumbuyo, ndipo pofika mawa lake mwendowo unali utatupa, mbuziyo ili gone, osafuna ngakhale kudzuka kuti idye.

Anganga anatcheza mafuta ndi madzi amene tikanamwa. Ulendo uno anachulutsa mpungabwi ndi kuchepetsa nsatsi, chifukwa nsatsi nazo zinali zitasowa, choncho anali mafuta atsopano, amphamvu kuposa onse amene anapangapo. Anatsuka balalo, anadzoza mwendo wonse, anayeza ndi luzi, n'kumanga mfundo yoyamba. Tsiku lachiwiri mbuzi inadzuka. Tsiku lachitatu inkayenda ikuponda mwendo uja pansi, ndipo ine ndinavina pabwalo ndi mimba yopanda kanthu. Tsiku lomwelo Elube anayamba kutupa mapazi ndi kumaso, ndipo aliyense ankadziwa tanthauzo la kutupa kumeneko.

M'mawa mwake anganga anadzozanso mbuzi ija, anapaka phulusa pa bala kuti lisaoneke, n'kundiuza kuti ndiikoke. Tinapita kwa Che Matiki, mkulu wina amene anali ndi kasitolo pamphambano ndipo ankapeza chimanga kudzera kwa abale ake akutali. Che Matiki anaizungulira mbuziyo, anaiyendetsa uku ndi uku, n'kufunsa kuti, “Kodi mwendowu uli bwinobwino, mayi?”

“Mwaiona ikuyenda,” anayankha anganga.

Anatipatsa chimanga chosadzaza dengu. Pobwerera, titafika pamene panalibe anthu, anganga anaima n'kundigwira khutu. “Iwe, za msampha zija sunazione. Ukatsegula pakamwa adzalanda chimangachi, ndipo mng'ono wako adzafa. Wamva?” Ndinati ndamva. Luzi la mbuzi ija linatsala ndi mfundo zitatu zokha, litapachikidwa pa khoma la khola lopanda kanthu.

Chimanga chija tinkachidya ngati mankhwala, phala lamadzimadzi kamodzi pa tsiku, komabe chinkatha tikuchiona. Kenako kunamveka kuti kuchigwa, njira ya ku Phalombe, kuli mkulu wina amene chinangwa chake chinapirira, ndipo akufuna anthu omuungira mizere, malipiro ake makaka, chinangwa chouma chija. Amayi anapita. Ankanyamuka tambala atangolira kachiwiri, n'kumabwera dzuwa likulowa, khasu paphewa, makaka pamutu. Anali munthu wamtali, woseka ndi mano onse, ndipo ngakhale m'masiku amenewo ankalowa pabwalo akuimba kuti Elube asalire.

Tsiku lachitatu la ganyuyo anabwera akutsimphina. Anaponda chisonga cha nsungwi powoloka khwawa louma, ndipo chinalowa pansi pa phazi lamanzere. Anachizula okha panjira. Bala lake linali laling'ono, lokwana nsonga ya chala, ndipo linatseka msanga. Koma patapita masiku awiri phazi linatupa mpaka m'kakolo, likunyezimira, moti amayi atayesa kuima anakuwa n'kugwira mzati wa khonde. Kuchigwa kunali kutatsala ntchito ya sabata imodzi yokha, ndipo wosabwera tsiku limodzi malo ake ankalowa wina, pakuti anthu ofuna ganyu ankagona pamphepete pa mundawo.

M'mawa umenewo anganga ananditumiza kukafuna nkhuni, ngakhale nkhuni zinalipo. Pobwera ndinapeza amayi atakhala pa mphasa, phazi lili pamwendo pa anganga, fungo la bulugamu ndi mpungabwi lili ponseponse. Anganga ankatikita kuyambira ku zala kukwera m'mwamba, nkhope atayang'ana kumbali. Patapita kanthawi amayi anaponda pansi, anayesa kachiwiri, n'kuseka. “Ee, anthuni, kwazizira ngati ndaponda m'madzi,” anatero. Anamanga phazilo ndi chigamba, anatola khasu, n'kumapita. Anganga anatenga luzi latsopano n'kumanga mfundo imodzi.

Ine ndinali wokondwa. Ndinali nditaona mbuzi ikudzuka ndi mafuta omwewo, ndiye ndinkati amayinso achira.

Tsiku lotsatira ndinapita kukatunga madzi ku chitsime chimene chinali chisanaphwe, kumene tinkadikira pamzere theka la tsiku kuti madzi asonkhane pansi. Kutsogolo kwanga kunali Fanesi, mwana wa Che Matiki, mtsikana wamkulupo kwa ine. Atandiona anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Si iwe unabweretsa mbuzi yowola ija?”

Ndinati sindikudziwa chimene akunena.

“Yafatu. Inangoyenda masiku awiri, lachitatu inagwa. Ababa atasenda anapeza mwendo wonse uli mafinya okhaokha mpakana m'mimba, nyama yobiriwira, ngakhale agalu anaikana. Kunja kumaoneka bwinobwino, kumangonunkhira mankhwala a anganga ako. Ababa akuti akanabwera kwanu, koma akuti adzalanda chiyani kwa anthu akufa kale.”

Akazi a pamzere anatembenuka kundiyang'ana. Sindinali mwana wopusa, ndinamva bwino lomwe chimene nkhaniyo inkatanthauza: mafuta aja sanachize mbuzi, anangoitseka pakamwa, uku matenda akudya mkati. Ndipo mafuta omwewo ndi amene anali paphazi la amayi, amene pa nthawiyo anali kuchigwa akuunga mizere.

Ndinasenza mtsuko ndikunena mumtima kuti ndikangofika ndikanena. Ndinafika, ndinapeza anganga akutapa mafuta ndi nthenga yawo, ndinatula madzi, ndipo mawu anakana kutuluka. Ndinkaopa khutu langa, inde, koma chachikulu ndinkaopa kuti ndikanena, amayi asiya kupita, makaka asiya kubwera. Elube anali atayamba kuphwa kumaso ndi kuseweranso ndi timiyala. Inenso m'mimba mwanga munali mutayamba kulowa kanthu. Izi ndikuzinena poyera lero chifukwa ndakalamba: ndinakhala chete chifukwa ndinkafuna kudya.

M'mawa uliwonse anganga ankadzoza, amayi ankaluma mano kwa kanthawi, kenako nkhope inkamasuka n'kunyamuka. Madzulo ankabwera ndi makaka ochuluka kuposa kale, chifukwa anayamba kutenga ndime ziwiri m'malo mwa imodzi. Anganga ankasinja ochepa, otsalawo n'kuwakweza patsindwi. Amayi ankangolawa n'kukankhira mbale kwa ife, amvekere adya kale kumunda. Anasiya kuimba polowa pabwalo. Pa tsiku lachinayi ndinayamba kumva fungo lina pansi pa fungo la bulugamu, lonunkha motsekemera, ndipo ntchentche zinkawatsatira. Ndinkagona pafupi nawo ndipo thupi lawo linkatentha ngati mwala wa pamoto. Tsiku lililonse ndinkati mawa ndinena.

Mfundo zitafika zisanu ndi imodzi, amayi sanabwere ndi miyendo yawo. Anabwera nawo amuna awiri a m'mudzi woyandikana nafe, atawagoneka pa machira a thumba ndi nsungwi, dengu la makaka atalisenza mkazi wina pambuyo. Akuti anamaliza ndime yawo, analandira makaka, anayenda mpaka pakhwawa paja n'kugwa. Anganga atamasula chigamba ndinaona mwendo wakuda mpaka m'bondo, mizere yofiira ikukwera kuntchafu. Ndinathawira kuseri kwa khola n'kusanza makaka onse amene ndinadya.

Kutacha a Yotamu anasonkhanitsa amuna amene anali ndi mphamvu zotsala, ndipo ananyamula amayi kupita nawo kuchipatala cha mishoni. Tinayenda pambuyo pawo, anganga atabereka Elube. Kumeneko anatilandira bwino ngakhale pakhonde ponse panali anthu otupa ndi njala. Asisitere amene anamasula mwendowo anapukusa mutu n'kufunsa mwa Chinyanja chawo chopotoka kuti n'chifukwa chiyani tinachedwa chotere. Anachita zimene akanatha, koma anati poizoni wafika kale m'magazi.

Amayi anakhala masiku awiri. Tsiku lachiwirilo masana anatsegula maso n'kupempha mafuta aja. Anganga anatulutsa kabotolo pamfundo ya nsalu yawo, anawadzoza pachipumi ndi m'khosi ndi pamsana, pang'onopang'ono, ndipo kubuula kunachepa. Amayi anandiyang'ana n'kunena kuti, “Esinati, makaka ali patsindwi. Muzidya pang'onopang'ono.” Amenewa anali mawu awo omaliza.

Makaka aja anatifikitsa pa nthawi ya nkhwani ndi maungu oyamba. Elube anachira, ndipo lero ali ndi zidzukulu zake. M'mudzi mwathu munali makomo amene anatsekedwa ndi minga chaka chimenecho chifukwa munalibenso wolowamo, koma ife atatu tinatsala.

Anganga sanaswe mphika uja monga ndinkayembekezera. Mvula itabwerera n'kupezanso mbuzi, anayambiranso kutcheza, kuyeza ndi luzi, kumanga mfundo. Chimene chinasintha n'chakuti munthu akabwera ndi chotupa ankayamba amufufuza bala, n'kumugwira m'mphechepeche kapena m'khwapa. Akapeza mwanabere kapena kutentha, ankabisa botolo n'kumuthamangitsira kuchipatala ndi mawu oipa, ngakhale akhale mkulu wotani. Ine ndinakula nawo pakhomo pomwepo, tikudya mbale imodzi, koma nkhani ya pachitsime ndinaisunga zaka zisanu ndi zitatu. Ndinkadziona ngati munthu amene anapha amayi ake, ndipo nyimbo za m'tchalitchi sizinkandifika pamtima.

Ndinaulula nditabereka mwana wanga woyamba. Anganga anali atayamba kuchita khungu, ndiye ndinkawatapira mafuta ndine, mwana ali kumsana. Ndili chogwira nthenga ija ndinangoyamba kulankhula, osawayang'ana. Ndinanena za Fanesi, za mafinya, za masiku asanu amene ndinadziwa n'kukhala chete. Ndinalira mpaka mwana anadzuka n'kuyamba kulira nane.

Anganga anandisiya ndilire. Kenako anati, “Watha?”

Ndinati ndatha.

“Ndiye iwe zaka zonsezi umayesa kuti unkadziwa wekha? Mbuzi ija ndinaigwira m'mphechepeche m'mawa umene tinapita nayo kwa Matiki. Munali motentha, mwanabere ngati dzira. Pabala luzi linakhwepa, inde, koma matenda anali atakwera. Ukuganiza kuti ndinaithamangitsiranji isanakwanitse sabata?”

Nthenga inagwa m'manja mwanga. Ndinafunsa kuti nanga amayi anawadzozeranji, akudziwa zonsezo.

“Tsiku lija ndinakutuma nkhuni, ndinamuuza amako zonse. Ndinati mafutawa achotsa ululu, achepetsa kutupa kwa pamwamba, koma chimene chili mkatichi sachifika. Ndinati tiye kuchipatala lero lomwe akang'ambe phazili. Iye anandifunsa kuti akagona masiku angati. Ndinati kaya, mwina sabata ziwiri. Anayang'ana Elube, n'kunena kuti, ‘Ndiye ndikadzatuluka ndi phazi langa labwinolo ndidzapeza ndani? Dzozani, amayi.’ Ndinakana. Anati akapanda kudzozedwa apitabe chokwawa. Ndiye ndinadzoza.”

Anapukuta manja pa nsalu ngakhale anali ouma.

“M'mawa uliwonse ndinkamufunsanso, m'mawa uliwonse ankati lero lokha. Mwana wanga ndinamubereka ndekha, ndipo ndinamudzoza ndi manja awa kasanu n'kamodzi ndikudziwa kumene ndikumutumiza. Iwe unali mwana wanjala. Ukananena, tikanakuuza kuti khala chete. Katundu ameneyu si wako, ndipatse.”

Analowa m'nyumba mopapasa khoma, ndipo anatuluka ndi kansalu komanga. Mkati mwake munali luzi louma, lakuda ndi utsi, la mfundo zisanu ndi imodzi. Analiika m'manja mwanga. Aka kanali koyamba kuona misozi ya anganga yosachokera ku utsi.

Ndikanakonda kunena kuti mtima wanga unapepuka tsiku limenelo, koma ndinganame. Ndinakwiya. Ndinakwiyira anganga chifukwa chovomera, ndinakwiyira amayi chifukwa chosankha osatifunsa, ndinakwiyira bambo anga amene anabwera patapita zaka ndi jekete ndi njinga n'kumafunsa kuti manda ali kuti. Kwa mwezi wathunthu sindinapite kuseri kwa nyumba ija. Ndinabwerera mwana wanga atadwala ndipo ndinapezeka ndikuganiza kuti ndingapereke chiyani kuti akhale moyo. Yankho linabwera msanga moti ndinachita nalo mantha.

Anganga anamwalira chaka chachiwiri chake. Mphika uja unasweka wokha patapita nthawi, paipi anatenga ana n'kumaseweretsa, ndipo palibe wa ife anapitiriza ntchitoyo. Che Matiki sanalandirepo chipepeso cha mbuzi yawo, ndipo zimenezo zimandichititsabe manyazi.

Lero mawondo anga ndi a nyamakazi. Adzukulu amandigulira timabotolo ta m'sitolo tonunkhira bulugamu, ndimapaka, ndipo ululu umachepadi, sindingawanamizire mankhwalawo. Mdzukulu wanga wina amene anapita patali ndi sukulu anandiuza kuti akatswiri amayesa mafuta a masamba pa mbewa zoweta, n'kumayeza kutupa kwa timapazi take. Ankayembekezera kuti ndidabwa. Ndinangomufunsa kuti mbewazo amazisunga masiku angati, ndipo ngati amayang'ana mkati. Mwana aliyense wa pakhomo pano akabwera akutsimphina, botolo ndimalibisa kaye, ndimamugoneka pa mphasa, ndimafufuza pansi pa phazi ndi kumugwira m'mphechepeche. Amati agogo ndi ovuta, ndipo ine sinditsutsa.

Luzi lija lili m'sutukesi, pakati pa buku la nyimbo. Nthawi zina ndimalitulutsa n'kumalipapasa ndi zala, mfundo imodziimodzi, kuyambira yoyamba mpaka yachisanu ndi chimodzi. Mfundo iliyonse ndi ulendo wa kuchigwa ndi kubwerera pa phazi lowola. Mfundo iliyonse ndi dengu la makaka, ndipo ine ndinadya.